Galu wa Pamsasa wa Nthomba

Padangokhala, ana inu. Ndati padangokhala! Mukamayankha ngati mukudwala mano chonchi ndingotseka pakamwa, nthanoyi ndikauze mbuzi m'khola. Eyaa, tsopano ndiye tili tonse.

Padali munthu wina wosema mitondo, dzina lake Sankhulani. Manja ake adali odala: mumtondo wake ankasinjamo mayi, kudzasinjamo mwana, kudzasinjamonso mdzukulu, koma osang'aluka. Pakamwa pake ndiye mayo ine! Ukamupatsa moni, iye: "Wandiona ndikudwala?" Ukayamikira mtondo, iye: "Ndiye umafuna ukhale woipa?" Kumene adakakwatira adamupirira dzinja limodzi, kenaka adamupindira mphasa yake nkumuonetsa njira. Adabwerera kwawo, nkumanga kanyumba pafupi ndi mlongo wake Nangondo, munthu yekhayo amene ankatha kumuseka.

Munthu ameneyu adali ndi Galu. Kapena ndinene bwino, Galu ndiye adali ndi munthu ameneyu, pakuti Sankhulani sadapemphepo galu kwa aliyense. Tsiku lina akusema kuthengo adangoona kagalu kofiirira, khutu limodzi lili chilili, linalo lili lende, kakhala pa tizibenthu ta mtengo nkumamuyang'ana.

"Choka!"

Kagalu kadapita kuseri kwa chitsamba. Sankhulani atatembenuka, kali pomwepo.

"Choka, ndati!" Adakaponyera chibuma.

Kadazinda, kadapita kuseri kwa chulu. Madzulo akubwerera kumudzi atasenza mtondo, kumbuyo kwake kukumveka tapa, tapa, tapa. Musandifunse chimene kagaluko kadaona mwa munthu wotereyu. Ine ndidafunsapo, ndipo palibe adandiyankha.

Galu adakula. Ankadya makoko a mbatata ndi mbewa zogwira yekha, ankagona pakhomo, ankatsogola popita kuthengo. Mawu okoma sadawamvepo. Lamulo adaphunzira limodzi lokha, ndipo adaliphunzira ndi ndodo: galu saika pakamwa pa chakudya cha munthu. Masiku amenewo nyama zinkamvana zokhazokha, koma anthu akamva galu akuyankhula ankangomva hu! hu! basi.

Chaka china, chilimwe chitafika pakati, m'dzikomo mudagwa nthomba. M'mudzi wa Sankhulani idayambira pa iye. Thupi lidatentha, mutu udalemera, kenaka matuza adatuluka kuyambira kumaso mpaka kumapazi. Anthu adachita mantha, ndipo sindikuwanena, pakuti nthomba ikalowa m'mudzi inkasiya nyumba zopanda wotsegula.

Amalume a Sankhulani, a Chimbalanga, ndiwo adali mwini mbumba. Adatuma anyamata kukamanga msasa wa udzu kutsidya kwa dambo, nkuuza wodwalayo kuti adziyendere yekha. Sankhulani adanyamula chofunda chake, adayenda akudzandira, akutukwana mitengo ndi miyala. Kumbuyo kwake: tapa, tapa, tapa.

"Bwerera! Ukufuna ukaonerere ndikufa?"

Galu adaima. Sankhulani atayenda, Galu adayenda.

Atapita awiriwo, a Chimbalanga adakumbutsa mbumba yawo mwambo wa m'mudzimo. Mvetserani bwino apa, chifukwa Galu sadamve, adali atapita kale.

"Iwe Nangondo," adatero, "chakudya uzikasiya pachitsa chija chili m'mphepete mwa dambo, pamene mawu afika koma mpweya sufika. Usapitirire. Ukapeza nsengwa ilibe kanthu, ndiye kuti mlongo wako ali moyo. Koma ukadzapeza ya dzulo ndi ya dzana zili chikhalire, waitana osayankhidwa, usadzafunsenso. Mtembo wa nthomba sitikhudza. Timatentha msasa ndi zonse zili m'katimo."

M'mawa uliwonse Nangondo ankafika pachitsa ndi nsengwa ya mbatata, chipanda cha phala ndi kamtsuko ka madzi.

"Achimweneee! Ndasiya pachitsa!"

"Ndamva, sindine gonthi! Phala la dzulo linali madzi okhaokha!"

Poyamba Sankhulani ankapita pachitsa choyenda. Kenaka ankapita chokwawa, Galu akuyenda pambali pake pang'onopang'ono. Kenaka lidafika tsiku limene, atadya za m'mawa, sadadzukenso. Adangogona pamphasa, maso ali tseke, milomo itang'aluka, mpweya ukutuluka pang'ono ngati wa kamwana ka nkhuku. Galu adamununkhiza, adamunyambita m'manja, koma zii. Adakagona pakhomo nkuyamba kuimba. Inu muziyankha kuti "ine ndili pakhomo."

Gonani, mbuyanga, gonani,
ine ndili pakhomo.
Anthu aima kutali,
ine ndili pakhomo.
Dzuwa lituluke, dzuwa lilowe,
ine ndili pakhomo.

Nyimboyo idamveka mpaka kuphanga la Fisi. Dzuwa likuswa mtengo, nthawi imene fisi wanzeru amakhala akugona, uyu adatulukira akutsimphina, dovu lili chuchuchu.

"Odi kuno, msuweni! Tamva kuti kuno kuli matenda, ndiye ndati ndidzazonde."

"Mwabwera kudzazonda, a Fisi, nanga dovulo ndi la chiyani?"

"Kutenthaku, msuweni, kutentha. Tapatukani ndingosuzumira."

"Suzumirani muli pomwepo."

Fisi adayesa kulowetsa mutu. Galu adamugwira mphuno, ng'a! Fisi adalumpha chammbuyo, adakakhala patali akunyambita magazi.

"Aaa, msuweni, mpaka mano? Chifukwa cha munthu uyu? Tandiuzani, adakupatsani chiyani?"

"Palibe."

"Fupa?"

"Ayi."

"Adakusisitanipo pamutu?"

"Ayi."

"Nanga mukuferanji?"

"Ndi wanga," adatero Galu.

"Wanu bwanji?"

"Ndi wanga basi."

Fisi adapukusa mutu nkupita. Koma sadapite kutali, ndipo usiku wonse m'mutu mwake mudali ntchito. Mano a Galu ankawaopa. Koma Fisi adali atayenda midzi yambiri chaka chimenecho, mwambo wa nsengwa ankaudziwa, ndipo zotsala paphulusa la misasa adali atalawako. Adadziuza kuti, ndivutikiranji kulimbana ndi galu, pamene anthu eni ake angathe kundiwotchera ndiwo?

Kutacha, Nangondo adasiya nsengwa, adaitana, sadayankhidwe. Adaima nthawi yaitali, kenaka adati mwina agona, nkubwerera. Galu adapita pachitsa. Adazungulira, adazungulira. Mbuyake sakanatha kufika pamenepo, ndiye chakudya chikanafika bwanji kwa mbuyake? Lamulo la ndodo lija adalikumbukira, koma adakumbukiranso milomo yong'aluka ija. Adatsegula pakamwa kuti agwire mkombero wa nsengwa aikokere kumsasa.

"Aaa! Msuweni! Mukutani?"

Adali Fisi, mphuno itatupa, nkhope yachisoni ngati ya munthu wobwera pamaliro.

"Ndikuwapititsira chakudya. Sangathe kudzuka."

"Ndi pakamwa panupo? Inu mwakhala ndi anthu zaka zonsezi osawadziwa? Chimene galu wakhudza, munthu sadya. Adzadzuka ndi njala, adzaona malovu anu pambatata, adzataya zonse kutchire. Mudzakhala mwawapha ndinu."

Galu adabweza pakamwa. Zimene ankanena Fisi zidali zoona, ndipo bodza loopsa limakhala lomwelo lokulungidwa m'zoona.

"Ndiye nditani?"

"Londerani. Pasakhudze mbalame, pasakhudze nyerere. Akadzuka apeze zonse zili momwe adasiyira mlongo wawo. Adzati, koma galu wanga ndi galu."

Mawu amenewo adamulowa Galu mpaka m'mafupa. Kuyambira pamenepo ankathamanga pakati pa chitsa ndi msasa. Afike kumsasa, amvetsere mpweya. Abwerere pachitsa, apirikitse agologolo. Afike kumsasa, anyambite manja otentha aja. Abwerere pachitsa, auzire nyerere ndi mphuno. Mbewa sadasakenso. Mimba idamatirira kumsana, fungo la mbatata likumukwera m'mutu, koma sadalaweko ngakhale khoko.

Amene adavutika naye kwambiri ndi Khwangwala. Akati atere pansengwa, Galu ali pomwepo. Akati azembere kumbuyo, Galu ali pomwepo.

"Kamodzi kokha, mbatata imodzi!" adadandaula Khwangwala.

"Si yako."

"Nanga ndi yako?"

"Si yanganso."

M'mawa wotsatira Nangondo adapeza nsengwa ya dzulo ili chikhalire. Adaika ina pambali pake.

"Achimweneee! Achimwene, tayankhani!"

Galu adaima chapatali, pakuti ankadziwa kuti akayandikira amugenda, nkufuula ndi mphamvu zake zonse: "Ali moyo! Akupuma! Angofooka!" Koma Nangondo adangomva galu akulira, ndipo adapita atagwira pamtima.

Fisi adayamikira kwambiri. "Mukugwira ntchito, msuweni. Nsengwa ziwiri, osasowa kanthu! Limbikirani."

Kutachanso, Nangondo adabwera chothamanga. Ataona nsengwa zonse ziwiri zili momwe adazisiyira, yachitatu idamupulumuka m'manja, mbatata zidamwazika. Adagwada, adaika manja kumutu.

"Mayo ine, achimwene anga! Mwandisiya ndi yani ine!"

Adadzuka, adathamangira kumudzi akulira. Galu adayandikira pachitsa. Adayang'ana nsengwa. Zonse zidalipo, palibe idasowa. Nanga mayiyu akuliranji?

"A Fisi, akuliranji?"

"Anthu amatero akakondwa kwambiri," adatero Fisi, akumeza malovu. "Ine ndikabisale m'tsekeramu kuseri kwa msasa, ndikulonderereni kumbuyoko. Inu musachoke pachitsa."

Fisi atalowa m'tsekera, Khwangwala adatera panthambi. Adayang'ana mbatata zomwazika zija, adayang'ana Galu, ndipo mkwiyo wa masiku onse aja udamutuluka.

"Galu iwe, ndaona zitsiru m'dziko muno, koma iwe ndiwe mkulu wawo. Ukadandisiya ndidye, bwenzi mbuyako atapulumuka."

"Ukutanthauzanji?"

"Sudziwa? Ine ndimakhala pamitengo, ndimaona. Nsengwa ikapezeka yopanda kanthu, anthu amati wodwala ali moyo. Ikapezeka yodzaza, amati wafa, ndipo amabwera ndi moto kudzatentha msasa. Mayi uja wapita kukaitana moto. Msuweni wako uja wagona m'tsekeramo akudikira nyama yowotcha."

Ana inu, Galu adamva ngati nthaka yamuthawa kumapazi. Iye ndi kulondera kwake, iye ndi njala yake, ndiye adaitanira mbuyake moto! Adalumphira pansengwa. Adagubuduza, adameza mbatata zosatafuna, adalowetsa mphuno m'chipanda cha phala losasa, akudya akulira. "Idya nawe, Khwangwala! Idya msanga!" Khwangwala sadadikire kuuzidwa kawiri.

Koma kutsidya kwa dambo utsi udali utayamba kale kuoneka. Kutsogolo kudali a Chimbalanga, kumbuyo anyamata atanyamula nsungwi yaitali, kunsonga kwake atamangirira muuni woyaka kuti atenthe msasa ali patali. Pambuyo pa onse ankabwera Nangondo, maso atatupa.

Atafika pachitsa, Nangondo adafuula: "Amalume, taonani! Nsengwa zilibe kanthu! Adya!"

Galu adagwedeza mchira, mtima uli m'mwamba. Koma a Chimbalanga adamuloza ndi ndodo.

"Adya ndani? Taona kukamwa kwa galuyo, phala lili mbuu mpaka m'makutu. Galu ameneyu sadayambe wabapo chakudya mbuyake ali moyo. Lero wadya chifukwa wadziwa kuti womumenya palibe. Tiyeni, anyamata."

Mwaona? Kusadya kudalakwa, kudya kudalakwanso. Galu adathamangira kumsasa, adaima pakhomo, miyendo itatangadza, ubweya utaima. Adauwa mpaka mawu kusasa: "Ali moyo! Imani! Ali moyo!"

"Chotsani galuyo."

Anyamata adatola miyala. Woyamba udaphonya. Wachiwiri udamupeza m'nthiti. Wachitatu udamung'amba pamwamba pa diso, magazi adatsikira m'mphuno. Galu adagwa, adadzuka, adaimanso pomwepo.

"Amalume," adatero Nangondo, "galuyu akukana. Mwina akudziwa kanthu."

"Akudziwa chisoni, mwana wanga, monga iwe ndi ine. Ukuganiza kuti ine ndikukondwa? Mwana wa mlongo wanga ali m'menemo. Koma kumudzi kuli ana. Taitananso, ngati ukufuna."

Nangondo adaitana. Adaitananso. Adaitana dzina limene ankamutcha ali ana. Mumsasa mudali zii.

A Chimbalanga adapukuta m'maso ndi chikhatho. "Galu akafuna kupita ndi mbuyake, apite naye. Bweretsani nsungwi."

Galu adaona muuni ukubwera m'mwamba, ukugwedezeka, ukudontha moto. Njira yothawira idalipo, dambo lonse lidali lotseguka. Iye adatembenuka nkulowa m'kati.

M'katimo mudali mdima ndi fungo la matenda. Adanyambita nkhope ya Sankhulani, matuza ndi matuza omwe. Zii. Adamukanda pachifuwa. Zii. Adakoka chofunda ndi mano, adayesa kukoka munthuyo, koma galu wanjala angakoke munthu wamkulu? Adaika pakamwa pakhutu lake nkuimba mwamsangamsanga:

Dzukani, mbuyanga, dzukani,
ine ndili pambali.
Moto wafika padenga,
ine ndili pambali.

Zii. Pamwamba udzu udayamba kuthetheka, utsi udalowa.

Pamenepo Galu adadziwa chimene chatsala, ndipo adachita nacho mantha kuposa moto. Anthu aja sakanamva galu. Akanamva munthu yekha. Ndipo munthu wogona tulo totere sadzuka ndi lilime, amadzuka ndi mano. Galu amene sadayambe waonetsapo dzino kwa mbuyake, ngakhale pomenyedwa, adayang'ana pomuluma. Dzanja ayi, dzanja ndi losemera. Nkhope ayi. Adapita kumapazi, adasankha chala chachikulu.

"Mundikhululukire," adatero. "Mukadzuka mundimenye."

Adaluma. Sadalume mwaulemu ayi, adaluma mpaka mano kukumana ndi fupa.

"Mayoooo! Ndani akundidya ndili moyo? Galu iwe! Mfiti yachabechabe! Ndikuthyola msana lero!"

Kunja anyamata adabalalika. Wina adafuula kuti, "Mzukwa!" A Chimbalanga adaima pakamwa pali yasa.

"Mzukwa wa chiyani?" adakuwa Nangondo. "Wakufa amatukwana chonchi? Pakamwa pamenepo ndi pa achimwene! Zimitsani motowo!"

Iye sadadikire munthu. Adathyola nthambi yaiwisi, adathamanga kupitirira chitsa, kupitirira malamulo onse, nkuyamba kupuntha denga. A Chimbalanga, nkhalamba yoyenda ndi ndodo, adataya ndodo, adasolola udzu woyaka ndi manja awo. Mnyamata amene adagwira nsungwi uja, posadziwa choti achite nayo, adangoiponya kutali. Ndipo mukudziwa kumene idakagwera? M'tsekera, kuseri kwa msasa.

Tsekera wa m'chilimwe safunsa. Adangoti lawi! Mudatuluka Fisi, msana ukufuka utsi, mchira uli moto, akuthamanga liwiro la mtondo wadooka. Wobwera kudzadya zowotcha adapita atawotchedwa yekha. Khwangwala adamuperekeza m'mwamba mpaka kumtsinje, akumufunsa ngati ndiwo zapsa bwino.

Moto wa padenga udazima. Padatsala chibowo chachikulu, dzuwa likulowa m'kati, ndipo pachibowopo anthu adaona Sankhulani atatsamira chigongono, akutsokomola, maso ali psuu.

"Mukundiyang'ana chiyani? Madzi! Mukufuna ndife ndi ludzu?"

Eee, kuseka kumene kudali pamenepo! Nangondo adakhala pansi nkumaseka, misozi ili mbwembwembwe. A Chimbalanga adakhala pachulu akuuzira manja awo opserera, akungobwereza kuti, "Tikadapha munthu. Ana inu, tikadapha munthu." Adatuma anyamata kukadula nsungwi ina, ndipo kunsonga kwake adamangirira chikho cha madzi, nkuchilowetsa pakhomo. Sankhulani adamwa, adapempha ena, adamwanso.

Galu adali atakwawira pakona. Adagona chafufumimba, makutu atagwa, akudikira ndodo. Adali atadya chakudya cha munthu, adali ataluma mbuyake, zonse tsiku limodzi. Koma ankamva mawu aja akutukwana, akutsokomola, akulamula, ndipo mchira wake udakana kumvera, unkangomenya pansi, pha, pha, pha.

"Galuyu wapenga," adatero Sankhulani. "Wandiluma. Mumuphe."

"Mumuphe?" Nangondo adaimirira, manja m'chiuno. "Achimwene, tayang'anani kumwamba. Chibowocho mukuchiona? Ndife tinabwera kudzakutenthani, ine mlongo wanu ndili pomwepo. Tinamugenda galuyo kuti achoke, sanachoke. Moto utagwira denga, iye analowa m'kati. Chala chanucho ndicho chakugulirani moyo."

Sankhulani adayang'ana chibowo. Adayang'ana udzu wakuda umene udagwera pachofunda chake. Adayang'ana pakona, pamene padali nthiti zowerengeka ndi diso lotupa. Ndodo idali pafupi, koma sadaitole.

Kuyambira tsiku limenelo chakudya chinkalowa pansungwi mpaka pamphasa. Matuza adauma, nkhanambo zidayoyoka. Sankhulani adayamba kukhala tsonga, kenaka kuima, kenaka kuyenda akutsimphina ndi chala chake chija. Kudandaula sadasiye ayi, musaganize kuti nthomba imachiritsa pakamwa. Koma mbatata ankaibenthula pawiri, theka nkuliponya pakona, akunena kuti yamukwana, si kuti akupatsa galu.

Tsiku lotuluka lidafika. Adamumeta, adamusambitsa kumtsinje ndi mankhwala, adamupatsa nsalu yatsopano. Galu nayenso adamusambitsa, ngakhale sadakondwe nazo. Nkhope ya Sankhulani idali itasanduka zipsera zokhazokha, moti ana ena adabisala kumbuyo kwa amayi awo. Galu sadaone kusiyana kulikonse.

Chidatsala chinthu chimodzi: msasa uja, mphasa ndi chofunda chakale zidayenera kupsa kuti matenda athere pomwepo. Mudzi wonse udaima pachitsa kuonerera. Galu adali atagona pamthunzi, tulo tamasiku ambiri titamugwira. Mnyamata adaika muuni, udzu udayaka, malawi adakwera.

Kuthetheka kuja kudamudzutsa Galu. Adatsegula maso, adaona msasa uli moto. Sadayang'ane kumanja, sadayang'ane kumanzere. Adangolira kamodzi nkuliyatsa liwiro kulunjika pakhomo.

"Galu uyo! Mugwireni!"

Palibe adamupeza. Koma munthu mmodzi adathamanga, munthu wongodzuka kumene pamphasa, nsalu ikukwekwereka, chala chikutulukanso magazi. Galu atafika pakhomo, moto utayamba kumuwaula ndevu, Sankhulani adadziponya pansi nkumugwira miyendo yakumbuyo. Adamukokera kunja, adamukumbatira pakhosi. Galu adaphiriphitha, maso ali kumoto, akufuna kubwerera.

"Iwe! Iwe! Tandiyang'ana. Mulibe munthu m'menemo. Ndili pano."

Galu adaleka kuphiriphitha. Adanunkhiza dzanja limene lidamugwira. Adanunkhiza khosi, adanunkhiza nkhope ya zipsera ija. Thupi lake lonse lidafewa, ndipo adaika mutu pachifuwa cha mbuyake nkutulutsa mpweya wautali.

"Ndili pano," adateronso Sankhulani. "Chitsiru iwe, ndili pano."

Denga lidagwera m'kati, moto udadya mphasa ndi chofunda. Awiriwo adakhalabe pansi pomwepo, phulusa likuwagwera pamutu, mpaka Nangondo adabwera kudzawadzutsa kuti azipita kwawo.

Nthano yanga yathera pamenepo, ana inu, ndipo mawu ake ndi awa: wokukonda zenizeni sayamba wawerenga zimene udamupatsa, ndipo tsiku limene onse aima patali, iye amalowa m'kati.